Zodabwitsa za Cilengedwe: Mtengo Wosendedwa Khungwa Umafa ndi Njala

Mwezi uno tiyeni tikhale pansi pa mtengo wa mango ndi kudzifunsa: kodi ncifukwa ciani mtengo wosendedwa khungwa mozungulira umauma, ngakhale thunthu lace silinadulidwe?

Yankho lace lili mu shuga. Tsamba ndilo limaphikira mtengo wonse. Limatenga madzi ocokera ku mizu pamodzi ndi mpweya wa carbon dioxide, ndipo ndi mphamvu ya dzuwa limapanga shuga. Koma mizu ikhala mumdima, siingathe kudziphikira yokha. Cakudya cace ciyenera kutsika kucokera kumwamba.

Njira ya cakudyaco ili m'kati mwa khungwa, pomwe paja timatenga luzi. M'menemo muli timapaipi tating'ono tochedwa phloem, topangidwa ndi maselo amoyo olumikizana ngati mfundo za bango. M'zomera zambiri shuga salowa yekha m'timapaipito. Pambali pace pali maselo ena othandiza, amene amagwiritsa nchito mphamvu kukoka shuga kupyolera m'timakomo tapadera, mpaka shugayo atacuruka kwambiri m'katimo. Tsono madzi amamutsatira, monga momwe mcere umakokera madzi m'ndiwo zamasamba. Madziwo akadzaza, amakankha shuga kupita kumene akufunika: ku mizu, ku zipatso, ku mphukira. Katswiri wa ku Germany, Ernst Münch, ndiye anafotokoza bwino zimenezi mu 1930. Ulendowu uyenda pafupifupi mita imodzi pa ola limodzi.

Ndiye kuti kutsekemera kwa mbatata, kapena kwa nzimbe za ku Nakambala ku Mazabuka, kunayambira m'tsamba. Ngakhale nsabwe za m'mbewu zimabaya timapaipi tomweti, ndipo nyerere zimazitsata cifukwa ca madzi otsekemera amene nsabwezo zimatulutsa.

Tsono taonani cimene cimacitika munthu akasenda khungwa mozungulira. Madzi amakwerabe, pakuti iwo amadzera m'thunthu lolimba la m'kati. Ncifukwa cace masamba amakhala obiriwira kwa miyezi ingapo, mwini mtengo nkumati zonse zili bwino. Koma shuga amaima pamwamba pa bala, ndipo malowo amatupa, monga anaonera Marcello Malpighi wa ku Italy m'zaka za m'ma 1600. Pansipo mizu imayamba kudya nkhokwe yace. Nkhokweyo ikatha mizu imafa, madzi amaleka kukwera, ndipo mtengo wonse umauma.

Cotero pofuna luzi kapena khungwa la mankhwala, sendani kambali kamodzi motsika, musiye mbali yaikuru kuti bala lipole. Musamange waya pa mtengo wa zipatso. Chingirani mitengo yaing'ono kuti mbuzi zisakukute khungwa. Pothyola cigwada kapena masamba a mbatata, siyaniko okwanira, popeza ndiwo adyetsa cinangwa ndi mbatata m'nthaka. Anawo aphunzitseni zimenezi, pakuti kawirikawiri ndiwo timawatuma kukafuna luzi.

Mlengi anakonza kuti tsamba lokhala padzuwa lidyetse muzu wosaoneka, nawo muzu umwetse tsamba. M'banja ndi mu mphakati mwathu mulinso anthu osaoneka: okalamba, odwala ndi ana amasiye. Tikadula njira yowafikira, kwa kanthawi tidzaonekabe obiriwira, koma kufota kudzakhala kutayamba kale.

Mulungu akusungeni mpaka mwezi wamawa.