Kunenerera Mtengo wa Kalavani

M'dziko la Amereka muli mabanja ambiri amene, sukulu zikatsekera m'nyengo yotentha ya Juni mpaka Ogasiti, amatseka nyumba zawo napita kukagona kunyanja, kunkhalango kapena kumapiri. Ena amanyamula mahema, koma ena amakoka kalavani, ndiye kuti ngolo yofolera bwino, yokhala ndi mabedi, pophikira ndi posambira, imene amaimangirira kumbuyo kwa galimoto. Kalavani ndi katundu wokwera mtengo. Banja lodalira malipiro apamwezi silingaigule ndi ndalama zam'thumba, choncho ambiri amaitenga pangongole, ndipo ngongoleyo nthaŵi zina imafika zaka 15 kapena 20. Motero zimene bambo ndi mayi agwirizana ndi wogulitsa masana amodzi a Loŵeruka zingathe kuŵatsata kufikira mwana amene adali kumbuyo tsikulo atatsiriza sekondale.

Pa chifukwa chimenechi, kunenerera mtengo wa kalavani ndi udindo wa kholo, ndipo palibe chochititsa manyazi pamenepo. Tsono pakunenererapo pali lamulo limodzi loposa onse: wogula anenerere mtengo wonse wa kalavaniyo, osati ndalama zolipira pa mwezi. Amene waiŵala lamulo limeneli amatuluka pabwalo la wamalonda akumwetulira, osadziŵa kuti wagonja.

Poyamba nkofunika kudziŵa kumene mtengo wolembedwa pazenera umachokera. Makalavani ambiri a ku Amereka amapangidwa m'dera la Elkhart, m'chigawo cha Indiana, ndipo gawo lalikulu la malondawo lili m'manja mwa makampani aŵiri: Thor Industries, imene idagula Airstream mu 1980 ndi Jayco mu 2016, ndiponso Forest River, imene idagulidwa ndi Berkshire Hathaway mu 2005. Mabanja sagula kufakitale. Fakitale imagulitsa kwa amalonda pamtengo wopikulitsa, nitchulanso mtengo wina wokwera umene ikuti ndiwo woyenera kugulitsira. Pakati pa mitengo iŵiriyi pali mpata, ndipo mumpatamo ndimo muli phindu la wamalonda ndi mwayi wa wogula. Mu 1958 nyumba ya malamulo ya dzikolo idakhazikitsa lamulo, motsogozedwa ndi phungu wa ku Oklahoma dzina lake Mike Monroney, lakuti galimoto yatsopano yonyamula anthu izikhala ndi chipepala pazenera chosonyeza mtengo wa kampani yoipanga. Lamulolo silikhudza makalavani okokedwa. Choncho nambala yomatidwa pa kalavani ndi poyambira chabe pa kukambirana.

Komabe nambala yoyamba imene munthu waona ili ndi mphamvu yodabwitsa. Mu 1974 akatswiri aŵiri a kaganizidwe ka anthu, Amos Tversky ndi Daniel Kahneman, adafalitsa zotsatira za kafukufuku wawo. Iwo adazunguza gudumu la manambala pamaso pa anthu, ndipo kwa ena lidaima pa 10, kwa ena pa 65. Kenaka adaŵafunsa kuti pa maiko 100 aliwonse a m'bungwe la United Nations, a mu Afrika ndi angati. Amene gudumu lidaŵaimira pa 10 adayankha cha m'ma 25, pamene amene lidaŵaimira pa 65 adayankha cha m'ma 45. Nambala yopanda tanthauzo idakoka mayankho awo. Ngati gudumu la maseŵera lingathe kuchita zotere, nanga bwanji chipepala chosindikizidwa bwino? Wogulitsa akachotsa madola 3,000 pamtengo wolembedwa, wogula amaona ngati walandira mphatso, chonsecho sadafunse ngati alipo amene adagulapo pamtengo woyambawo.

Tsiku logula kaŵirikaŵiri limayenda motere. Makolo ndi ana akafika pabwalo, wogulitsa amaŵalandira ndi ulemu wonse naŵatsegulira zitseko za makalavani. Ana amakwera pamabedi osanjikiza nayamba kulimbirana la pamwamba. Mayi amatsegula makabati, bambo amagogoda khoma ngati mmisiri. Lisanathe ola limodzi, m'mitima mwawo kalavaniyo ndi yawo kale, ndipo wogulitsa waona. Apo ndi pamene amaŵapatsa mipando nafunsa mofatsa kuti, "Bambo ndi mayi, kodi mungakwanitse zingati pa mwezi?" Funsoli limamveka ngati la munthu wachifundo wosafuna kulemetsa banja. Koma amene waliyankha wasiya kukamba za mtengo wa kalavani, wayamba kuulula kukula kwa thumba lake.

Masamu ake ndi a ku sekondale. Mwachitsanzo, banja likongole madola 30,000 pa chiwongoladzanja cha 10 pa 100 aliwonse pa chaka. Likabweza m'zaka 5, lidzalipira madola 637 pa mwezi, ndipo onse pamodzi adzakwana pafupifupi 38,200. Likabweza m'zaka 15, lidzalipira madola 322 okha pa mwezi, koma onse pamodzi adzakwana pafupifupi 58,000. Bambo amene adati sangapitirire madola 350 pa mwezi amapatsidwa njira yachiŵiriyi, nathokoza, chonsecho wawonjezera pafupifupi madola 20,000 pa kalavani yomweyo. Wogulitsa sadatsitse kanthu, adangotalikitsa chingwe. Choopsa china nchakuti pangongole yaitali chotere, madola 2,000 owonjezera pamtengo amangokweza zolipira ndi madola 21 pa mwezi, ndipo munthu wotopa ndi kukambirana saŵerengera madola 21. Komanso kalavani imatsika mtengo chaka ndi chaka, kotero kuti banja lofuna kuigulitsa patapita zaka zitatu kapena zinayi lingathe kupeza kuti ngongole yotsala ikuposa ndalama zimene lingapate.

Madola 2,000 amenewo sasoŵa poloŵera. Mtengo ukagwirizanidwa, pachipepala chomaliza pamatulukira zolipira zina: ndalama zonyamulira kalavani kuchokera kufakitale, zoiyendera ndi kuitsuka isanaperekedwe, ndiponso zolembera mapepala. Kenaka amamtengera wogula m'chipinda china, kwa mkulu woona za ngongole, amene amamtsatsa pangano lodzakonza kalavani ikawonongeka, mankhwala otetezera utoto ndi inshuwalansi zamitundumitundu. Zina mwa izi nzothandiza, koma chilichonse chili ndi mtengo wake, ndipo munthu ali ndi ufulu wochikana. Ngakhale m'chiwongoladzanja chenichenicho mungathe kubisala phindu la wamalonda, pakuti banki imene akugwira nayo ntchito ikhoza kumlola kuwonjezera pang'ono pa chimene iyo yavomereza. Ngati banjalo labwera ndi kalavani yakale yoti lisinthitse, pamabadwa nambala inanso. Pamsika wa tomato kapena wa mbuzi anthu amalimbana ndi nambala imodzi, koma pano nambala ndi zinayi: mtengo wa kalavani yatsopano, ndalama zoperekeratu, mtengo wa yakale ndi zolipira pa mwezi. Wogulitsa waluso amagonja pa imodzi kuti apambane pa zitatu.

Nanga wogula achite chiyani? Choyamba, apemphe mtengo wonse wotulukira nawo pachipata, wophatikiza msonkho ndi zolipira zonse, ndipo mtengowo ulembedwe. Chachiŵiri, afunse mtengo wa kalavani ya mtundu womwewo ndi chaka chomwecho kwa amalonda aŵiri kapena atatu, pakuti safunsa adadya phula. Masiku ano izi zimatheka pa foni kapena pa intaneti munthu ali khale kunyumba. Chachitatu, apite kaye kubanki yake kapena kubungwe losunga ndi kubwereketsa ndalama, akamve chiwongoladzanja chimene angapatsidwe, kuti wamalonda akatchula chake pakhale poyerekezera. Lamulo la 1968 lotchedwa Truth in Lending Act limakakamiza wobwereketsa kulemba poyera chiwongoladzanja cha pa chaka ndi ndalama zonse zimene wokongola adzabweze. Nambalazo zimakhalapo ndithu pachipepala, chosoŵa ndi woziŵerenga. Chachinayi, za kalavani yakale zikambidwe pazokha, mtengo wa yatsopano utagwirizanidwa kale.

Wogula adziŵenso kuti changu sichili kwa iye yekha. Makalavani ambiri oimikidwa pabwalo wamalonda amaŵatenga pangongole, ndipo mwezi uliwonse umene kalavani yagona osagulidwa, iye amalipira chiwongoladzanja. Kuzizira kukayamba, cha mu Novembala ndi Disembala, ogula amachepa m'madera akumpoto, pamene makalavani a chaka chatsopano afika kale ndipo akufuna malo. Malonda amasinthanso ndi zaka. Mu 2021, mliri wa Covid-19 utachititsa anthu kupeŵa ndege ndi mahotela, mafakitale adatumiza kwa amalonda makalavani ndi magalimoto ogonamo opitirira 600,000, ndipo ogula adachuluka kotero kuti wonenerera adali ndi mawu ochepa. Mu 2023 chiŵerengerocho chidatsika kufika pa 313,000. M'chaka chotere amene ali ndi mawu ndi wogula, malinga akhale wodekha, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha.

Chida chachikulu cha wogula ndi miyendo yake. Wogulitsa akati mtengowu ndi wa lero lokha, wogula athokoze, anyamuke, akagone kwawo. Kalavani si nsomba yaiŵisi yoti ivunda pofika madzulo, ndipo fakitale ya ku Indiana idapanga zina zambiri zofanana nayo. Ambiri amaganiza kuti akasaina amakhala ndi masiku atatu osinthira maganizo. Lamulo la boma lalikulu la masiku atatulo liripo, koma ndi la malonda ochitikira pakhomo pa wogula kapena pamalo ongoyembekezera. Silikhudza katundu wogulidwa pamalo enieni a wamalonda. Dzina likalembedwa, lalembedwa. Chimene chimalemetsa miyendo ndi manyazi: bambo safuna kuoneka wosauka pamaso pa wogulitsa, ndipo mayi safuna kuona misozi ya ana amene asankha kale mabedi. Nchifukwa chake makolo anzeru amagwirizana malire awo ali kunyumba, ndipo tsiku lokamba mtengo ana amatsala. Misozi ya Loŵeruka limodzi ndi yopepuka poyerekeza ndi ngongole imene ingadzadye ndalama za koleji za mwana yemweyo.

Pali chinanso. Kunenerera bwino kalavani yolakwika nkutayabe ndalama. Kalavani iliyonse ili ndi chizindikiro chosonyeza kulemera kumene siyenera kupitirira ikadzaza, ndipo galimoto iliyonse ili ndi malire a katundu amene ingakoke. Banja lokopeka ndi kalavani yaikulu, poona kuti zolipira pa mwezi zangokwera pang'ono, lingadzazindikire mochedwa kuti likufunikanso galimoto ina. Ndipo asanasaine, wogula ayatse magetsi, atsegule mipopi, ayese chitofu, ayang'ane m'makona a denga ngati muli chinyontho, pakuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Cholakwika chopezeka ndalama zisanaperekedwe chimakonzedwa msanga, koma chopezeka pambuyo pake chimadikira pamzere.

Alipo ena amene amati kunenerera kotere nkusalemekeza ntchito ya mnzako. Iwo amati wamalonda ali ndi lendi, amakaniko ndi antchito ofuna malipiro, ndipo banja limene lamfinya lero lidzamfunanso maŵa denga likayamba kudontha. Mawu ameneŵa ali ndi nzeru. Wamalonda wapafupi amene amakonza zowonongeka msanga angayenere kulipidwa madola mazana angapo kuposa wakutali, ndipo wogula wanzeru amaŵerengera zimenezo. Mwano ndi kunyoza katundu wa munthu sizitsitsa mtengo, zimangoumitsa mtima wa mwini wake. Koma ulemu ndi kupusa ndi zinthu ziŵiri. Wamalonda amagulitsa tsiku ndi tsiku ndipo amadziŵa nambala zonse, pamene banja limagula kamodzi kapena kaŵiri pa moyo wake wonse. Wopempha kuti mtengo wonse ulembedwe sakulanda phindu la munthu, akungofuna kuti onse aŵiri aziona chinthu chimodzi. Wamalonda woona mtima sakhumudwa ndi pempho lotere, ndipo amene wakhumudwa nalo wadziulula yekha.

Oŵerenga ambiri sadzagula kalavani, koma funso la wogulitsa uja adzakumana nalo ndithu. Wachinyamata amene wangoyamba ntchito adzalimva pogula foni, njinga yamoto kapena mipando pangongole, ndipo mphunzitsi amalimva kwa obwereketsa ndalama amene amadula ngongole yawo kumalipiro. Kulikonse mawu ake ndi amodzi: zingati pa mwezi? Loyenera kuliyankha ndi funso linzake: zonse pamodzi ndi zingati, ndipo kwa miyezi ingati? Mphunzitsi wa masamu amene wafika pa mutu wa chiwongoladzanja achita bwino kulemba pabolodi ngongole ziŵiri zija, ya zaka 5 ndi ya zaka 15, nafunsa ophunzira kuti yotsika mtengo ndi iti. Ambiri adzaloza ya madola 322. Nkwabwino kuti alakwe pamenepo, ali ndi choko m'manja, kusiyana ndi kudzalakwa atagwira cholembera cha wogulitsa.