Phindu la tindege ta pulasitiki lagona pa guluu ndi penti

Wamalonda wofuna kuoda mabokosi a tindege ndi tigalimoto ta pulasitiki ta Airfix kapena Tamiya asatitenge ngati zidole wamba za ana. M'bokosimo mumakhala tizidutswa toti wogula alumikize yekha kenako n'kupenta. Nambala ngati 1:72 imatanthauza kuti masentimita 72 a ndege yeniyeni ndi sentimita imodzi pa kandegeko.

Mabokosi ambiri sabwera ndi guluu, penti kapena burashi, ndipo phindu lagona pamenepa. Bokosi limagulidwa kamodzi, koma penti ikatha kasitomala amabweranso. Wooda mabokosi okhaokha amapititsa makasitomala ake kwa anzake.

Bokosi lotsegulidwa kale ndi lofunika kulipewa ngakhale litatchipa. Kachidutswa kamodzi kakasowa, katunduyo sayenda, mpamba n'kulowa m'madzi.