Tijambule Makope Athu Chiswe Chisanafike



M'masabata apitawa makalata angapo afika pa tebulo langa ali ndi funso limodzimodzi. Ena afunsa mwaulemu, ena mokwiya pang'ono: kodi a Mkonzi, popeza masiku ano zonse zikuchitikira pa kompyuta ndi pa foni, makalata athu olemba pamanja mukumawerengabe kapena akumathera kudzala? Abusa ena opuma pa ntchito awonjeza kuti ali ndi makope a maulaliki a zaka zambiri, ndipo sakudziwa ngati makopewo akadali ndi ntchito. Ndaona kuti ndi bwino ndiyankhe onse pamodzi, pakuti nkhaniyi ndi yaikulu kuposa makalata okha.

Yankho loyamba ndi lalifupi: inde, ndimawerenga kalata iliyonse. M'mawa ndimayamba ndi maenvulopu ochokera ku positi ofesi ndi ena obwera pamanja, kenaka ndimatsegula mauthenga a pa foni. Kalata ya pamanja ndimaiwerenga kawiri, koyamba kuti ndimve chimene chamuwawa mwini wake, kachiwiri ndili ndi cholembera chofiira chochotsera zotukwana ndi zonamizira anthu. Ndikatero ndimaitayipa ndekha pa kompyuta, ndi zala ziwiri monga ndidazolowerera pa makina akale aja olira ngati mvula pa malata. Ana anga amaseka akandiona, koma tsamba limatuluka.

Sindibisa, makina atsopanowa ndimawakonda. Kunyumba mayi a ana amanena kuti ndidawatengera mkazi mnzawo, kunena foni, chifukwa ndime zina ndimazilemba ndili m'minibasi, zina nsima ikuzirala pa mphasa. Amene adatayipapo pa makina akale akudziwa kuti mzere umodzi ukalakwika, tsamba lonse linali loyambiranso. Lero ndimakonza mawu amodzi okhawo, ena onse n'kukhala momwe analiri. Komabe pokhala nawo makinawa tsiku ndi tsiku ndaonapo zinthu ziwiri zimene ndikufuna kuti inu a kumudzi ndi inu atsogoleri a mipingo muzilingalire.

Choyamba, makina amadziwa zokhazo zimene munthu waikamo. Mu December 2014 kampani ya Google idaika Chichewa m'gulu la zinenero zimene makina ake amamasulira, ndipo kuyambira mu 2022 pafala mapulogalamu amene amayankha mafunso ndi kulemba nkhani ngati munthu. Makinawa sadayamwe chinenero pa bere la mayi ayi. Amaphunzira powerenga zimene anthu adalemba kale. Za Chingerezi zilipo mulu ngati phiri, pamene za Chichewa n'zochepa. N'chifukwa chake nthawi zina Chichewa chawo chimamveka ngati cha mlendo amene wangokhala miyezi iwiri pamudzi: mawu ndi athu ndithu, koma kayalidwe kake n'kachilendo.

Nanga Chichewa chokomacho chili kuti? Chambiri chili m'mabokosi a pansi pa bedi. Chili m'makope a maulaliki, m'mabuku a zokambirana za akulu a mpingo, m'zolemba za alembi a mafumu, m'mbiri ya mbumba imene malume ena adailemba atapuma uphunzitsi. Tisaiwale kuti a Samuel Nthara, amene buku lawo la Nthondo lidatuluka mu 1933, anali mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, ndipo polemba Mbiri ya Achewa adadalira zimene adamva kwa akuluakulu. Zawo zidafika kwa osindikiza, n'chifukwa chake tikuwatchulabe. Kodi ndi aphunzitsi, akatekisi ndi alaliki angati amene adalemba mwaluso chimodzimodzi, koma makope awo sadatuluke m'mudzi?

Chachiwiri, pepala lili ndi adani ambiri. Mu 1919 moto udatentha maofesi a boma ku Zomba ndipo zolembedwa zambiri za zaka zoyamba za ulamuliro wa atsamunda zidapsa. Mu December 2015 nyumba ya mabuku ya pa yunivesite ya Mzuzu idapsanso. Mu March 2023 namondwe wa Freddy adakokolola nyumba m'maboma a kummwera, ndipo madzi sasankha kuti ichi ndi chovala, ili ndi buku. Ngati nyumba za boma zidalephera kuteteza mapepala, nanga bokosi la m'nyumba ya udzu? Ndiponso adani ena sachita phokoso: chiswe, makoswe, denga lodontha. Mdani womaliza ndi maliro. Mwini kope akangoikidwa m'manda, masamba ake amayamba kukulungira zitumbuwa ndi kupichirira fodya, osati mwa nkhanza, koma chifukwa otsalawo sadziwa chimene chalembedwamo.

Tsono wina asaganize kuti ndikunena kuti makina ndiwo mpulumutsi. Nawonso amafa. Ife amene tinkasunga nkhani pa timadisiki ta m'zaka za m'ma 1990 tikudziwa kuti makompyuta a lero alibenso polowetsa timadisikito. Foni imabedwa pa msika, imagwera m'chitsime, imangozima yokha osadzukanso. Kope la inki losungidwa pouma limatha kupitirira zaka za mwini wake, pamene foni ikatha zaka zochepa timati yakalamba. Pepala ndi makina aliyense ali ndi chilema chake, choncho azithandizana. Mutu umodzi susenza denga.

Pempho langa ndi ili. Mpingo uliwonse, mzikiti uliwonse ndi bwalo la mfumu iliyonse asankhe mnyamata kapena mtsikana wokhulupirika amene ali ndi foni yojambula, ndipo akhale pansi ndi mkulu mmodzi wodziwa makopewo. Ajambule masana, pakhonde, pamene kuwala kuli kokwanira, tsamba ndi tsamba, kuyambira pachikuto. Patsogolo pa kope lililonse ajambule kapepala konena mwini wake, mudzi wake ndi zaka zimene lidalembedwa. Kujambula sikufuna intaneti kapena mayunitsi, kumangofuna foni yotchaja ndi kudekha. Tsamba likatuluka losaoneka bwino, alijambulenso pomwepo.

Zithunzizo zisakhale pamalo amodzi. Zina zikhale m'foni, zina pa kakhadi kosungira zinthu kamene kasungidwe kwa abusa, kwa bambo mfumu kapena kwa shehe, ndipo zina zitumizidwe ku likulu la mpingo. Makope enieniwo asatayidwe. Aikidwe m'bokosi lachitsulo, pamwamba, kutali ndi khoma la chinyontho. Zimene zili zokhudza mbiri ya dziko, eni ake angathe kukambirana ndi a National Archives ku Zomba, amene ntchito yawo ndi kusunga zolembedwa zotere.

Pamenepa pafunika nzeru yosiyanitsa. Kaundula wa ubatizo, wa maukwati, ndi buku la milandu ya mpingo muli mayina ndi zinsinsi za anthu. Zimenezo ndi zojambula kuti zisungike, osati zoponya pa Facebook kapena pa WhatsApp. Uthenga ukangochoka m'foni yako sungaubwezenso, uli ngati madzi otayikira pa mchenga. Koma maulaliki, miyambi, nthano ndi mbiri ya mudzi, mwini wake kapena ana ake akalola, n'zoyenera kutayipidwa kuti ena awerenge. Ndipo wotayipayo alembe monga momwe mkuluyo adalembera. Asasinthe kalankhulidwe ka ku Kasungu kuti kafanane ndi ka m'tauni, asadule mawu monga achitira achinyamata potumizirana mauthenga. Liwu limene sakulimva afunse, pakuti safunsa adadya phula, ndipo mwina liwu lomwelo ndi limene likusowa m'mabuku athu.

Ndikudziwa kuti ena anena kuti a Mkonzi akulankhula za makope pamene anthu akulira feteleza ndi chimanga. Ndikumva. Koma funsani mayi wamasiye amene achibale a mwamuna akukana kuti panali ukwati, kuti tsamba limodzi la m'kaundula ndi lolemera bwanji. Funsani mfumu imene ikuweruza mlandu wa malire a munda pamene mboni zonse zidamwalira, koma mlembi wa kale adalemba kuti malirewo adathera pa mtengo uti. Funsani nkhalamba imene chaka chake chobadwa chimadziwika ndi buku la ubatizo lokha. Zolemba zimateteza anthu osauka kuposa olemera, chifukwa wolemera ali ndi pakamwa pambiri pomulankhulira.

Palinso za adzukulu athu. Iwo adzafunsa mafunso awo kwa makina, tifune tisafune. Ngati m'makinamo simudzakhala mawu a agogo awo, adzalandira mayankho a anthu ena, m'Chichewa chobwereka. Mlandu sudzakhala wa makina, udzakhala wa ife amene tinali ndi makope m'manja ndi foni m'thumba koma osazikumanitsa.

Kwa abusa amene munafunsa aja, makope anu ali ndi ntchito yaikulu, ndipo muyambe ndi lakale kwambiri chifukwa ndilo lili pafupi kutha. Kwa atsogoleri nonse, nkhaniyi ilengezedwe pa msonkhano wotsatira, ndipo pasankhidwe anthu ndi tsiku, mvula ikubwerayi isanapeze bowo padenga. Mukatero mutilembere, pamanja kapena pa foni, mutiuze makope angati mwajambula ndi zovuta zimene mwakumana nazo, kuti midzi ina iphunzirepo. Musaiwale kulemba dzina lanu lenileni ndi keyala yanu.

Ine wanu,
Mkonzi