Mwana Akapempha Ndalama za Pulojekiti

Sabata lina mwezi wathawu, titatuluka m'mapemphero, bambo wina wa mumpingo mwathu anatiimika pakhomo pa tchalitchi, nkhope ili yakugwa. Mwana wao wamwamuna, amene ali m'chaka chomaliza cha maphunziro a uinjiniya, anali atawaimbira lamya kupempha ndalama za pulojekiti. Bamboyo anati: "Fizi ndinalipira, ya chakudya ndinatumiza. Nanga chinthu chimenechi chofunanso ndalama n'chiyani? Kodi mwanayu sakundibera?" Tinawayankha mwachidule pomwepo, koma poona kuti makolo ambiri ali nalo funso lomweli, taganiza zolikamba bwino pa tsamba lathu lino. Inu anyamata ndi atsikana amene muli m'sukulu zimenezi, tcherani khutu nanunso, pakuti mau ambiri agwera inu.

M'sukulu zophunzitsa uinjiniya, monga Polytechnic ya ku Blantyre imene chiyambire 2021 ikutchedwa MUBAS, kapena MUST ya ku Thyolo imene inatsegulidwa mu 2014, wophunzira salandira digiri chifukwa cha mayeso a papepala okha ai. M'chaka chomaliza amasankha vuto limodzi lenileni, naligwirira ntchito miyezi ingapo, yekha kapena ndi anzake, kufikira atapanga chinthu chooneka kapena atapima ndi kuyesa nafika pa yankho. Koma asanagule ngakhale msomali umodzi, amayamba walemba kalata ya masamba angapo, imene kusukuluko amaitcha proposal, yofotokozera aphunzitsi chimene afuna kuchita. Akaivomera, ntchito iyambika. Akaikana, abwerera kukalembanso, masiku ali kutha. Potsiriza adzaimirira pamaso pa gulu la aphunzitsi ndi kuyankha mafunso ao. Akagwa pamenepo digiri ichedwa, ndipo makolo ayambanso kuyang'ana m'khola ngati mwatsala mbuzi ina yogulitsa.

Kalata yotereyi si yachilendo kwa ife owerenga Buku Lopatulika. Tsegulani Nehemiya mutu 2. Munthu uyu anamva za kupasuka kwa linga la Yerusalemu, ndipo panapita miyezi ngati inai asanalankhule ndi mfumu Aritasasta. Miyezi imeneyo sanaithere pa kulira ndi kupemphera kokha, anali kulingaliranso. Umboni wake ndi wakuti mfumu itamufunsa chimene afuna, yankho linali lokonzeka: anatchula mudzi umene afuna kukaumanga, anapangana nayo nthawi, anapempha makalata a kwa akazembe a m'njira, ndiponso kalata ya kwa Asafu wosunga nkhalango ya mfumu, kuti akapezeko mitengo ya zipata. Atafika ku Yerusalemu sanathamangire kuitana msonkhano. Anakhala masiku atatu, kenaka anatuluka usiku ndi anthu owerengeka kukaona yekha malo ogumukawo, mpaka anafika pena pamene nyama imene anakwerapo inasowa popita. Lingalo linatha m'masiku 52. Aphunzitsi a uinjiniya akamawerenga kalata ya mwana wanu amafunamo zomwezi, ndipo chachikulu mwa zonse ndi ulendo wa usiku uja: kodi mwanayu vutolo analiona ndi maso ake?

Apa ndi pamene ambiri amaphonya. Amayamba ndi chipangizo chimene chawasangalatsa pa intaneti, kaya loboti kaya kandege kouluka popanda munthu, kenaka n'kumasakasaka vuto loti achikoloweke. Kuli ngati kugula chitseko n'kumayendayenda kufuna nyumba imene chingalowe.

Tiyeni tione ntchito ina imene inayambira koyenera. Makanda obadwa masiku asanakwane amavutika kupuma, chifukwa timatumba ta m'mapapo mwao timafota pa kupuma kulikonse. M'maiko olemera muli makina amene amakankhira mpweya pang'ono m'mphuno mwa khanda kuti timatumbato tikhale totseguka, koma mtengo wake unali pafupifupi madola 6,000 makina amodzi. Aphunzitsi awiri a ku Rice University mu mzinda wa Houston ku America, Rebecca Richards-Kortum ndi Maria Oden, anafika ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, namva kwa madokotala ndi anamwino za kusowa kumeneku. Anakalipereka vutolo kwa ophunzira ao a chaka chomaliza, ndipo mu 2010 ophunzirawo anapanga makina ao. Anatenga timapampu tiwiri tija topopera mpweya m'mabokosi a galasi oweteramo nsomba, natiika m'kabokosi ka pulasitiki, nalumikiza timapaipi ndi botolo la madzi. Nsonga ya paipi imamizidwa m'botolomo, ndipo kuya kwa madziwo ndiko kumalamula mphamvu ya mpweya wopita kwa khanda. Namwino akaona madzi akubwadamuka, adziwa kuti makina akugwira ntchito. Mu 2012 anawayesa pa chipatala chomwecho. Mwa makanda amene analandira mpweya wa okosijeni m'njira yakale anapulumuka 44 pa 100 alionse, pamene mwa amene anaikidwa pa makinawa anapulumuka 71 pa 100. Makinawo anapatsidwa dzina la chinenero chathu, Pumani, ndipo pambuyo pake anafika m'zipatala za m'maboma.

Taonani, m'kabokosi kaja munalibe kanthu kodabwitsa. Pampu ya nsomba inalipo kale, botolo linalipo kale. Nzeru inali pa kudziwa bwino chimene khanda lisowa, chimene namwino wotopa angathe kuchigwiritsa ntchito usiku, ndi chimene chingakonzedwe chitaonongeka. Ndipo tinene mosabisa kuti nkhaniyi imatilasa pang'ono. Vutolo linali pakhomo pathu, koma linakafika pa tebulo la ophunzira a kutsidya kwa nyanja. Ana athu mavuto otere sachita kuwakwerera ndege. Amagona nao nadzuka nao.

Vuto likapezeka, ntchito yotsatira ndi kulidula kuti likwane m'manja. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Wophunzira akalemba kuti athetsa vuto la madzi m'Malawi, palibe mphunzitsi angavomere, chifukwa palibe tsiku limene munthu adzanene kuti ntchitoyo yatha. Koma tiyerekeze kuti walemba chotere: apanga pampu yoyendera dzuwa yokweza malita 2,000 pa tsiku kuchokera m'chitsime chakuya mamita 10, yothirira dimba la mamita 20 m'litali ndi 20 m'lifupi. Pamenepo pali chogwira. Akakhala pansi ndi pensulo adzapeza kuti mphamvu yeniyeni yokwezera madzi amenewo siposa imene babu la mawati 60 limadya pa ola limodzi, ndipo ngakhale aichulukitse katatu chifukwa cha mphamvu yotayika mu mota ndi m'mapaipi, sola yaing'ono ikwanira. Masamu a theka la tsambawo apulumutsa ndalama za atate ake. Pa tsiku la mafunso sadzachita kutsutsana ndi munthu. Adzatenga ndowa ndi wotchi, madziwo adzadziyankhira okha.

Asaiwalenso kufufuza zimene ena anachita kale, pakuti safunsa anadya phula. Amene afuna kukonza mjigo wa kwao kuti ukhale wabwino koposa ayenera kudziwa kuti mjigo wa Afridev, umene tili nao m'midzi yambiri, unayambira kuno kwathu kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980, pa ntchito ya madzi ya ku Livulezi m'boma la Ntcheu, nukamalizidwira ku Kenya. Cholinga cha okonzawo chinali chakuti anthu a m'mudzi azitha kusolola ndodo ndi kusintha timphira totha paokha, ndi sipanala imodzi, osadikira galimoto ya boma. Tsono wophunzira akabwera ndi nzeru yatsopano imene ifuna mmisiri wochokera m'tauni nthawi zonse mjigo ukafa, ndiye kuti watibwezera m'mbuyo, ngakhale chojambula chake chikongole motani.

Za nthawi tingonena pang'ono. Chinthu chilichonse chopangidwa koyamba chimakana, ndipo n'chimodzimodzi kwa mainjiniya otchuka omwe. Kachipangizo koitanitsa kunja kamatenga masabata, magetsi amazima, makina a kusukulu amakhala ndi mzere. Wanzeru amakonza kuti chinthu chake chikhale chitaima pamene gawo limodzi mwa magawo atatu a nthawi likadalipo, kuti apeze mpata woyesa, wophwasula ndi wolemba lipoti. Ndipo mphunzitsi womuyang'anira azimuonekera kawirikawiri, makamaka sabata imene zinthu zakanika. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Tsopano tibwerere kwa inu makolo ndi funso la ndalama lija. M'kalata yolembedwa bwino mumakhala tsamba la mitengo, lotchula chinthu chilichonse, kuchuluka kwake, mtengo wake ndi kumene chikagulidwe. Muuzeni mwana wanu akutumizireni tsamba limenelo. Sikumukayikira ai, ndi kumuphunzitsa ntchito imene adzaigwira moyo wake wonse, pakuti injiniya amayendetsa ndalama za anthu ena. Mukaona mzere wa pansi wa ndalama yapadera ya zogwa mwadzidzidzi, musaudule msanga. Tonse tikukumbukira November wa 2023, pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 pa 100 tsiku limodzi, ndipo mitengo ya katundu wochokera kunja inalumpha. Koma mukaona chinthu chimodzi chikudya theka la ndalama zonse, funsani ngati sichingabwerekedwe kusukulu, kapena ngati palibe china chopezeka pa msika wa zitsulo zakale chimene chingagwire ntchito yomweyo. Funso lotere silifuna digiri. Mai amene anayendetsapo geni ya tomato alidziwa bwino.

Pali mau ena olemera amene sitingawalumphe m'magazini ya Mpingo. Alipo anthu amene amagulitsa mapulojekiti opangapanga, ndipo masiku ano kuli makompyuta amene amalemba masamba athunthu munthu akangowalamula. Kupita kwa mmisiri wowotcherera zitsulo kuti akuthandize si tchimo, malinga utchule m'lipoti kuti anakuthandiza. Koma kupereka ntchito ya wina monga yako, kapena kulemba manambala amene sunapime chifukwa pampu inakana, kumeneko ndi kuphwanya lamulo lachisanu ndi chitatu ndi lachisanu ndi chinai pa tsamba limodzi. Tiganizenso za mawa. Amene wazolowera kupeka manambala pa pampu ya dimba ndi yemweyo adzasaina mapepala a mlatho umene basi yodzaza ndi amai a chigwirizano idzadutsapo. Monga tionera ife, lipoti lonena poyera kuti tinayembekeza malita 2,000 koma tinapeza 1,300, ndipo chifukwa chake ndi ichi, lili ndi uinjiniya wambiri koposa lipoti losalala limene mwini wake sangathe kuliteteza. Aphunzitsi anaona malipoti ambiri. Funso lachiwiri kapena lachitatu limaulula mwini ntchito. Ndipo inu makolo, mwana akakuuzani kuti pali wina angamupangire zonse pa mtengo wakuti, ndalama imeneyo isachoke m'thumba mwanu.

Mpingo nao uli ndi gawo lake. Tili ndi zipatala za mishoni monga Nkhoma, Mulanje, Ekwendeni ndi Embangweni. Tili ndi sukulu, zigayo, mijigo ndi nyumba zopemphereramo zimene madenga ake amasasuka ndi mphepo chaka ndi chaka. Monsemo muli mavuto okwana mapulojekiti ambirimbiri. Wophunzira wa m'chaka chachitatu kapena chachinai akabwera ku tchuthi, akulu a mpingo amutenge akamuonetse chimene chinafa, ndipo akapempha chilolezo choyesa kanthu, amulembere kalata monga mfumu ija inalembera Nehemiya.

Bambo tinawatchula poyamba aja anatipezanso Sabata lapitali, pepala lili m'manja. Mwana wao akupanga choumitsira tomato choyendera dzuwa, ndipo tsamba la mitengo linali ndi mizere khumi ndi umodzi. Bamboyo anadulapo mzere umodzi, wa malata awiri, chifukwa kuseri kwa nkhokwe yao kuli malata otsala pamene ankafolera khitchini. Anati awatumiza pa basi ya Lachitatu.