Riggs akawombera munthu, ife timaseka chiyani?

Aliyense amene analowako m'nyumba ya vidiyo ku Ndirande, Kawale kapena Chibavi m'zaka za m'ma 1990 akudziwa kuti panali mafilimu ena omwe mwini vidiyo sankavutika kuwaitanira anthu. Akangolemba dzina ndi choko pa bolodi, mabenchi adzadza. Tikunena mafilimu a apolisi awiri osamvana, wina wofatsa wina wapsuu, omwe amatukwanana m'galimoto, kuwombera zigawenga, kuphwanya nyumba za eni ake, kenaka mmodzi nkugwa m'chikondi ndi mkazi amene akumuteteza. Wailesi ya kanema kuno inayamba mu 1999, ndiye ambiri a ife dziko la America tinalidziwira pa mabenchi amenewo.

Mafilimuwa sanafe ayi. Bad Boys yoyamba ya Will Smith ndi Martin Lawrence inatuluka mu 1995, yachinayi mu 2024, amuna ake omwewo. Tsono pali makolo omwe akuti zithunzi zotere n'zongophunzitsa ana nkhanza, ziletsedwe basi. Ife sitikugwirizana nawo pa zoletsazo, komatu sitikuti akulota.

Tiyambe ndi chomwe chimakoka anthu. Si mfuti. Mafilimu a mfuti zokhazokha alipo mbwee, ndipo timawaiwala tisanafike ndi kunyumba komwe. Chokoka ndi ubwenzi wa amuna awiriwo. Mu Lethal Weapon ya 1987, Danny Glover ndi Roger Murtaugh, bambo wa zaka 50, wa mkazi ndi ana atatu, amene akungofuna kudzafika pa penshoni ali moyo. Mel Gibson ndi Martin Riggs, namfedwa, wogona m'kalavani ndi galu wake, amene amasunga chipolopolo chimodzi choti adzadziphere. Mabwana awo awaphatikiza mowakakamiza, ndipo poyamba Murtaugh akumuona mnzakeyo ngati tsoka lomugwera. Pamapeto Riggs akupereka chipolopolo chija kwa mwana wamkazi wa Murtaugh kuti akapatse bambo ake, poti sakuchifunanso, ndipo Murtaugh akumuitana kuti alowe m'nyumba adye nawo Khirisimasi. Munthu wopanda mbale wapeza khomo lolowapo. Nkhani imeneyo Mmalawi amaimva ngakhale Chingerezi cha Gibson chitamudutsa.

Nanga nthabwala zija? Onetsetsani, zambiri n'zonyozana, monga amachitira asuweni pa ukwati. Amuna awiriwa sangauzane kuti amakondana, ndiye amatukwanana. Mu Lethal Weapon 2 ya 1989 adani atchera bomba pa chimbudzi cha Murtaugh, moti akangodzuka liphulika. Bamboyo wakhala pamenepo usiku wonse, buluku lili m'miyendo, manyazi ali tho. Anthu m'vidiyo amagwa nako kuseka. Koma ena onse atatuluka m'nyumbamo, Riggs akukana kuchoka. Ndi angati mwa ife tili ndi mnzathu wotere? Palinso za khungu, zomwe a Hollywood anazipeza kuti zimagulitsa malonda kuyambira pa 48 Hrs. ya 1982, ya Eddie Murphy ndi Nick Nolte, mpaka Rush Hour ya 1998, ya Jackie Chan ndi Chris Tucker: anthu a mitundu iwiri, oyamba ndi kunyozana, otsiriza ndi kupulumutsana.

Za chikondi cha mwamuna ndi mkazi ndiye tinene chilungamo, n'zoikamo ngati mchere wa pamwamba. Zimathandiza kuti woonera apumeko mfuti zikaleka kulira, komanso kuti mnyamata apeze poyambira pomuitana chibwenzi chake kukaonera. Koma mkaziyo nthawi zambiri ntchito yake ndi kubedwa kapena kufa, kuti mwamuna apeze chifukwa cholusira. Mu Lethal Weapon 2 Riggs akondana ndi Rika, mlembi wa ku ofesi ya kazembe. Sipapita nthawi, adani amumiza mtsikanayo m'nyanja, nkumuululiranso Riggs kuti ngozi yomwe inapha mkazi wake woyamba anaikonza ndi iwo omwe. Akazi awiri afa kuti mwamuna mmodzi apse mtima mokwanira. Zinasinthako mu 1992 pomwe Rene Russo analowa ngati Lorna Cole, wapolisi wodzimenyera yekha, amene chibwenzi chake ndi Riggs chikuyamba akuonetsana zipsera. Komabe ukwati weniweni m'mafilimu amenewa ndi wa apolisi awiri aja.

Pomwe pali nkhani ndi apa. Adani a mu Lethal Weapon 2 ndi akuluakulu a ku ofesi ya kazembe wa boma la tsankho la South Africa, ozembetsa mankhwala ozunguza bongo, omwe apolisi sangawamange chifukwa malamulo amateteza akazembe. Filimuyi inatuluka Nelson Mandela akadali m'ndende, ndipo dziko lathu lino linali pa ubale wa ukazembe ndi boma lomwelo kuyambira 1967. Ndiye pamapeto, mkulu wa adaniwo akatulutsa chiphaso chake chosonyeza kuti lamulo silingamukhudze, Murtaugh nkumuwombera m'mutu, ndani mwa ife sanaombe m'manja? Ife tinaomba nawo, sitibisa.

Koma taganizani bwino zomwe tinaombera m'manjazo. Wapolisi waweruza yekha, wapha yekha, waponyapo nthabwala, nkhani yatha. Palibe khoti, palibe wofunsa. Mafilimu a mtundu umenewu pafupifupi onse amayenda chomwecho: lamulo ndi chopinga, bwana woumirira ndondomeko ndi chitsiru chongokalipa mu ofesi, ndipo wapolisi wabwino ndi amene amathyola chitseko opanda chikalata. Nthabwala ndi zomwe zimatsuka magaziwo. Munthu akafa m'filimu ya chisoni timaona maliro ndi ana amasiye, koma akafa m'manja mwa Riggs timaona nkhope ya Riggs, tiseke.

Kwa anthu a ku Los Angeles mwina zimenezi n'zongosangalatsa. Ife kuno tinachokera kutali. Tinakhalapo zaka zomwe munthu ankatengedwa usiku nkukhala m'ndende osaonekera ku khoti, n'chifukwa chake malamulo aakulu a dziko omwe tinalemba mu 1994 amati womangidwa apite naye ku khoti pasanathe maola 48, ndipo ndi wosalakwa mpaka khoti litamupeza wolakwa. Tikudziwanso zomwe zimachitika m'misika mwathu wina akangokuwa kuti wakuba. Sitikunena kuti Mel Gibson ndiye amapatsa anthu matayala ndi petulo, ayi, kumeneko nkunamizira. Tikuti mtima womwe umakondwera m'vidiyo kuti woipa wafera pomwepo ndi womwewo umene umathamangira ku gulu lija, ndipo woipa wa pa msika salembedwa pa mphumi ngati wa m'filimu.

Tsono tichite bwanji? Lumo la Censorship Board, yomwe inakhazikitsidwa ndi lamulo la 1968, tinaliona m'nthawi ya Kamuzu likudula ndi kupsompsonana komwe, ndipo sitikulilakalaka. Munthu wamkulu aonere zomwe akufuna ndi ndalama yake. Chodabwitsa n'chakuti mpaka lero kholo limatseka maso a mwana anthu akamapsompsonana pa kanema, koma munthu akamawomberedwa m'mutu limangoti khala chete tione.

Eni mafilimuwa ku America komweko anaika malire. Lethal Weapon ndi Bad Boys zili m'gulu la R, kutanthauza kuti wosakwana zaka 17 salowa popanda munthu wamkulu. Kuno mwana wa Sitandade 3, yunifolomu ili m'thupi, amalowa bola walipira. Apa ndi pomwe tikupempha makhonsolo omwe amapereka ziphaso za malonda, mafumu a m'mataunishipi ndi makomiti a sukulu kuti akhale pansi ndi eni mavidiyo: nthawi ya sukulu ana asalowe, ndipo mafilimu a akulu aziikidwa madzulo, bolodi litalembedwa kuti ndi a akulu. A Murtaugh a m'filimu muja akanampeza mwana wawo pa benchi la vidiyo 10 koloko m'mawa, akanamutulutsa ndi khutu.