Boma Liwombole Madambo a ku Mangochi

Tawuni ya Mangochi idamangidwa pakati pa madzi. Kumpoto kwake kuli nyanja ya Malawi, kumwera kuli nyanja ya Malombe, ndipo mtsinje wa Shire umene umalumikiza nyanja ziwirizi umadutsa m'mbali mwa tawuniyo. Kuyambira mu 1891 pamene atsamunda adakhazikitsa malo awo m'derali nawatcha Fort Johnston, tawuniyi yakhala ikukula, kotero kuti kalembera wa mu 2018 adapeza kuti muli anthu oposa 50,000. Kukulako sikulakwa. Cholakwika ndi chakuti nyumba, mipanda, makoteji ndi mahotela zikulowerera m'madambo momwe kale mudali mabango ndi gumbwa. Nthawi yakwana yoti boma ligule madambo amene atsala, lipereke chipepeso choyenera kwa eni ake, ndi kuwabwezeretsa mwakale kuti akhale chuma cha mtundu wonse.

Anthu ambiri akaona dambo amaona matope, udzudzu ndi malo ongowonongeka. Maganizo amenewa ndi olakwika. Dambo ndi sefa: madzi a mvula otsika ku mapiri ndi m'makwalala a m'tawuni akafika m'mabango amachepa liwiro, dothi ndi zonyansa zimatsalira, ndipo madzi amalowa m'nyanja atayerako. Dambo ndi mtchinjirizonso, pakuti mafunde a mphepo ya mwera amaphwa mphamvu m'mabango asanagumule gombe. Koposa zonse, dambo ndi chikuta cha nsomba. Chambo chimasunga mazira ndi ana ake m'kamwa, ndipo anawo akakula pang'ono chimakawasiya m'madzi osaya, m'maudzu ndi m'mabango, momwe amapeza chakudya ndi pobisala. Munthu wodula mabango kuti akonze mchenga woyera woti alendo aziwotherapo dzuwa, akugwetsa chikuta mwana ali momwemo.

Wokayika zimenezi akaone nyanja ya Malombe. Mu 1982 asodzi adapha chambo choposa matani 8,000 m'nyanjayi. Patangopita zaka khumi, chambo chophedwa pachaka sichidakwanenso ngakhale matani 1,000. Zifukwa zake zidalipo zingapo: asodzi adachuluka, maukonde a maso ang'onoang'ono adayamba kukokolola tiana ta nsomba, ndipo makoka ndi nkacha zidazula udzu wa pansi pa madzi. Mu 1993 boma lidayamba kugwira ntchito limodzi ndi asodzi a ku Malombe ndi kumtunda kwa Shire kudzera m'makomiti a m'madoko, ndipo mu 1997 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo latsopano la zausodzi. Nyengo yotseka nyanja idalipo ndipo ikadalipo. Komabe chambo sichidabwerere monga kale. Kuletsa msodzi kuponya ukonde kwa miyezi iwiri kapena itatu kungathandize bwanji ngati malo okulira tiana ta nsomba akusanduka konkire chaka chonse? Lamulo lalimbana ndi msodzi wa bwato, koma lamuleka womanga mpanda.

Akuluakulu adati madzi saiwala khwawa. Mu 1980 nyanja ya Malawi idakwera kufika pafupifupi mamita 477 kuchokera pa mulingo wa nyanja ya mchere. M'zaka zotsatira madzi adatsika, mtunda udaonekera, ndipo anthu adathamangira kugula ndi kumanga pamalo pomwe nyanja idangochokapo kwa kanthawi. Mu 2024 madzi adakweranso kupitirira mamita 476, nalowa m'nyumba za anthu ndi m'malo ogona alendo m'mphepete mwa nyanja ku Mangochi. Ena adaloza chala damu la Kamuzu Barrage ku Liwonde, lomwe lidamangidwa mu 1965, nafuna kuti zitseko zake zitsegulidwe kwambiri. Iwowa adaiwala kuti madzi otuluka pa Liwonde sathera m'malere. Amadutsa pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira pomwe amapanga magetsi, kenaka n'kukafika m'minda ndi m'midzi ya ku Chikwawa ndi Nsanje, kwa anthu omwe adali asanapole mabala a namondwe wa Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023. Kodi ndi chilungamo kumiza mudzi wa ku Nsanje pofuna kupulumutsa khonde la koteji yomangidwa m'njira ya madzi? Dambo silingaletse nyanja kukwera, koma likasiyidwa lopanda nyumba limapatsa madziwo pokhala popanda wina kulira.

Palinso nkhani ya umoyo. Zimbudzi zokumbidwa m'dambo zimasefukira madzi akakwera, ndipo zonyansazo zimakalowa m'madzi omwe anthu amamwa, kusamba ndi kutsukira nsomba. Mliri wa kolera wa mu 2022 ndi 2023 udapha anthu oposa 1,700 m'dziko lonse, ndipo boma la Mangochi lidali limodzi mwa maboma amene adakhudzidwa kwambiri. Munthu womanga m'dambo saika pachiswe moyo wake wokha, amaikanso pachiswe moyo wa mnansi wake wa kumunsi.

Ena angafunse kuti, nanga kugula n'kwachiyani poti malamulo oteteza malowa alipo kale? Inde alipo. Pali lamulo la zamadzi la mu 2013, lamulo la zachilengedwe la mu 2017, ndipo bungwe la National Water Resources Authority lidakumbutsa anthu mu 2024 kuti sayenera kumanga kumunsi kwa mulingo wa mamita 477. Dziko la Malawi lidalowanso m'pangano la Ramsar loteteza madambo, lomwe maiko adagwirizana ku Iran mu 1971, ndipo nyanja ya Chilwa ndi dambo la Elephant Marsh zili m'kaundula wa panganolo. Koma lamulo la papepala silizula maziko a nyumba. Malo akakhala m'manja mwa munthu, iye amawaona ngati ndalama, ndipo mawa kapena mkuja adzapeza njira yowagulitsira kapena kumangapo. Wina ali ndi chikalata cha lizi, wina adapatsidwa malowo ndi mfumu, wina adalandira kwa makolo ake. Kuuza anthu otere kuti malo ndi awo koma asawagwiritse ntchito ndi kuwalanda mwakabisira, ndipo zotsatira zake ndi milandu yosatha. Kugula kumathetsa mkangano kamodzi kokha. Gawo 44 la malamulo oyendetsera dziko limalola boma kutenga malo a munthu pofuna kuthandiza anthu onse, malinga ngati mwini wake wadziwitsidwa nthawi yabwino, walandira chipepeso choyenera, ndipo ali ndi ufulu wokadandaula ku khoti. Boma limagwiritsa ntchito mphamvu zimenezi likamamanga misewu. Nanga likulepheranji kutero pofuna kuteteza nsomba ndi madzi?

Eni mahotela amati ntchito yokopa alendo ndiyo imabweretsa ndalama zakunja ndi kulemba ntchito achinyamata. Zimenezi ndi zoona, ndipo palibe akunena kuti mahotela onse agwetsedwe. Funso ndi lakuti mlendo amadzera chiyani ku Mangochi. Amadzera madzi oyera, nkhwazi, mvuu ndi chambo chowotcha. Mpanda wa njerwa ali nawo kwawo. Paki ya Lake Malawi ku Cape Maclear, yomwe idakhazikitsidwa mu 1980 ndi kulowa m'kaundula wa UNESCO mu 1984, imakopa alendo chifukwa chakuti idatetezedwa. Mzinda wa Kigali ku Rwanda udakonzanso dambo la Nyandungu, lalikulu mahekitala oposa 100, ndipo kuyambira mu 2022 anthu amapitako kukaona mbalame ndi kupuma. Hotela yomangidwa patali pang'ono ndi madzi sitaya alendo, koma nyanja yopanda nsomba idzataya alendo ndi asodzi omwe.

Ena amati boma lilibe ndalama. Koma boma lomwelo limapeza ndalama zogulira matenti, ufa ndi mankhwala madzi akasefukira, ndipo limatero chaka ndi chaka. Mtengo wa malo a m'mphepete mwa nyanja sutsika, umangokwera. Dambo lomwe lero lili ndi mabango okhaokha lingagulidwe motsika mtengo, koma likadzamangidwa nyumba zosanja chipepeso chake chidzakhala cholemetsa. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Ntchitoyi siyenera kuchitika tsiku limodzi. Boma liyambe ndi kuyeza madambo onse kuchokera pomwe Shire amatulukira m'nyanja mpaka ku Malombe, liike mabikoni, liimitse kupereka malizi atsopano m'malo amenewa, kenaka ligule pang'onopang'ono kuyambira malo ofunika kwambiri pa kuswana kwa nsomba.

Dandaulo lolemera kuposa onse ndi la anthu osauka, ndipo liyenera kumvedwa mwaulemu. Amaopa kuti dzina la chitetezo lidzakhala chikwanje chowathamangitsira pa malo a makolo awo. Manthawa ali ndi maziko. Ku Kampala m'dziko la Uganda, mu 2024, boma lidagwetsa nyumba za anthu m'dambo la Lubigi, ndipo ambiri adadandaula kuti chikwapu chidagwera amphawi pomwe nyumba zina zikuluzikulu za m'madambo zidatsala chilili. Malawi asatengere njira imeneyo. Mndandanda wa malo ogulidwa ndi ndalama zolipiridwa ukhomedwe poyera ku khonsolo kuti ziphuphu zisowe polowera. Lamulo liyambire pa mpanda wa munthu wolemera lisanafike pa kanyumba ka mayi wamasiye. Wosamutsidwa alandire chipepeso chake ndi malo ena asanazule mzati ngakhale umodzi.

Komanso dambo logulidwa ndi boma lisasanduke malo oletsedwa kwa eni dera. Madoko a asodzi ndi njira zopita ku madzi zikhale zotsegula. Amayi ndi abambo oluka mphasa aloledwe kudula bango m'nyengo yake motsata malire ogwirizana. Mafumu a m'derali monga Mponda, Chimwala ndi Nankumba, pamodzi ndi makomiti a m'madoko, akhale alonda a malowo. Zimenezi sizachilendo. Mudzi wa Chembe ndi midzi ina idatsala m'kati mwa dera la paki ku Cape Maclear, ndipo pa chilumba cha Mbenji ku Salima anthu akhala akutseka usodzi chaka chilichonse motsogozedwa ndi mfumu yawo kwa zaka zambiri. Mwini mudzi akadziwa kuti chinthu ndi chake amachisamala. Amene akutsekereza asodzi kufika ku nyanja lero si chitetezo cha madambo ayi, koma mipanda yofika mpaka m'madzi.

Choncho Nyumba ya Malamulo, Unduna wa za Malo ndi khonsolo ya Mangochi asadikirenso chigumula china. Mwana wobadwa lero ku Mangochi ali ndi ufulu wodzadya chambo chophedwa m'nyanja ya kwawo, osati kungochimva m'nthano za agogo. Ngati atsogoleri apitiriza kuonerera madambo akudulidwa mapuloti, nyanja idzabwera yokha kudzatenga malo ake monga idachitira mu 1980 ndi mu 2024, ndipo nyanja silipira chipepeso. Wakutsina khutu ndi mnansi: boma liwombole madambo a ku Mangochi mabango akadalipo.