Chikho ncha onse, aakulu ndi aang'ono omwe

M'mwezi wa Epulo chaka cha 2024, bungwe loyendetsa mpira wamiyendo m'dziko la England, la Football Association, lidagwirizana ndi matimu olemera a mu Premier League kuti m'chikho cha FA musamakhalenso masewero obwereza kuyambira m'ndime yoyamba. Kwa munthu wongomva, nkhaniyi ingaoneke ngati yaing'ono, yongokhudza kakonzedwe ka masiku osewerera. Ife sitikuiona motero. Tikuti chigamulo chimenechi chidalanda matimu osauka chinthu chimene chidali chawo kwa zaka zoposa 150, ndipo aliyense amene adapatsidwa udindo wokonza mipikisano, kaya ndi kulikulu kaya ndi pasukulu, ayenera kutolapo phunziro.

Kuti timvetse bwino, tiyambe ndi mbiri. Chikho cha FA ndicho chakale kuposa zikho zonse za mpira wamiyendo zimene maiko amalimbirana kwawo. Adachiyambitsa ndi Charles Alcock, mlembi wa bungwe lija, amene mu Julayi 1871 adapempha anzake kuti pakhale chikho choti matimu onse a m'bungwemo azipikisanirana. Aphunzitsi adziwe kuti nzeru imeneyi idachokera kusukulu. Alcock adaphunzira pasukulu ya Harrow, pamene anyamata a m'nyumba zogona zosiyanasiyana ankapikisana potsata lamulo limodzi losavuta: wogonja atuluke, wopambana apitirire. Matimu 15 ndiwo adalembetsa chaka choyamba, ndipo pa 16 Malichi 1872 timu ya Wanderers idagonjetsa Royal Engineers 1-0 pabwalo la Kennington Oval mumzinda wa London. Ligi ya dzikolo idadza pambuyo pake, mu 1888.

Pachiyambi chikhochi chinkangozungulira m'manja mwa ana a anthu olemera, ophunzira m'sukulu zapamwamba zakummwera kwa dzikolo. Koma popeza khomo lidali losatseka, mu 1883 timu ya Blackburn Olympic, ya anthu wamba a m'tauni ya mafakitale a nsalu kumpoto, idagonjetsa Old Etonians 2-1 nkutenga chikho. Kuchokera pamenepo mpira udaleka kukhala wa mabwana okha. Mu 1901 Tottenham Hotspur idatenga chikhochi isadalowe nkomwe mu ligi yaikulu, ndipo idachitenga pa masewero obwereza, itayamba yalepherana mphamvu ndi Sheffield United 2-2. Mu 1923 ndime yotsiriza idasamukira ku Wembley, kumene Bolton Wanderers idagonjetsa West Ham United 2-0 pamaso pa khamu limene lidasefukira mpaka m'bwalo losewerera. Nkhondo ziwiri zikuluzikulu zokha ndizo zidaimitsapo mpikisanowu.

Kayendetsedwe kake nkotere. Matimu oposa 700 amalembetsa chaka ndi chaka, ndipo mu 2011 adafika 763. Matimu otsikitsitsa, amene osewera ake ambiri amagwira ntchito zina masana, amayamba mu Ogasiti ndipo patsogolo pawo pamakhala ndime 6 zachipulula. Matimu 32 opulumuka pamenepo amasakanizidwa ndi 48 a mu ligi yachitatu ndi yachinayi mu Novembala, ndipo imeneyi ndiyo imatchedwa ndime yoyamba. Pofika Januwale amakhala atatsala 20, ndipo apa mpamene pamalowa matimu 44 a m'maligi awiri apamwamba, kukwanitsa 64. Kenaka amatsala 32, 16, 8, 4, kufikira awiri okakumana ku Wembley mu Meyi. Chachikulu nchakuti pa ndime iliyonse amachita mayere. Sapatula akuluakulu kuti asakumane msanga. Kuchotsapo ndime ziwiri zotsiriza, timu imene yayamba kutuluka pa mayere ndiyo imasewerera kwawo, ngakhale bwalo lake likhale lamatope. Ndipo ndalama zapakhomo, akachotsa zolipirira ntchito ndi gawo la bungwe, matimu awiriwo amagawana pakati.

Tsono masewero obwereza adali chiyani pa dongosolo limeneli? Lamulo lidali lakuti matimu akalepherana mphamvu, akakumanenso pabwalo la amene adali mlendo. Mu 1972 timu yaing'ono ya Hereford United idalepherana ndi Newcastle United 2-2 kwawo kwa Newcastle. Pobwereza, akuluakuluwo adakakamizika kupita ku Hereford, kumene adagonja 2-1, kalipentala wina dzina lake Ronnie Radford atagoletsa ali patali chigoli chimene anthu akuchisimbabe mpaka lero. Mu 2005 Exeter City, timu imene idali m'ngongole zoopsa ndipo eni ake adali ochemerera ake omwe, idalepherana ndi Manchester United 0-0 ku Old Trafford. Pobwereza idagonja 2-0, koma ndalama zimene idapeza pa masewero awiriwo zidaithandiza kubweza ngongole ndi kukhalabe ndi moyo. Motero masewero obwereza adali malipiro a wamng'ono amene walimba mtima pamaso pa wamkulu kwa mphindi 90 osagwa.

Zotsatira za chigamulo chija sizidachedwe kuoneka. Mu Januwale 2025 timu ya Tamworth, ya mu ligi yachisanu, idalandira Tottenham Hotspur pabwalo lake, ndipo mphindi 90 zidatha popanda wogoletsa. Pa lamulo lakale anyamatawo akadapita ku London kukasewera pabwalo lolowa anthu oposa 60,000 ndi kukagawana nawo ndalama zapakhomo. Pa lamulo latsopano adawaonjezera mphindi 30 pomwepo, miyendo itatopa kale, pamene Tottenham idali italowetsa akatswiri amene idawasunga pambali. Tamworth idagonja 3-0 nkutuluka. Chomvetsa chisoni nchakuti Tottenham yomweyo ndiyo idatchuka mu 1901 chifukwa cha masewero obwereza, nayonso ili kunja kwa ligi.

Sitikukana kuti mbali inayo ili ndi mfundo. Akuti masewero a zikho za ku Ulaya adachuluka ndipo osewera akutopa. Zoonadi munthu si makina. Palibenso amene akufuna kubwerera ku 1971, pamene Alvechurch ndi Oxford City adakumana kasanu ndi kamodzi asadapeze wopambana. Nchifukwa chake lamulo la 1991, lakuti kubwereza kukhale kamodzi ndipo zikakanika aponye mapenate, lidali lanzeru. Koma kudulako sikudalekere pamenepo. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 adathetsa kubwereza m'ndime ziwiri zotsiriza, mu 2016 m'ndime ya matimu 8, mu 2018 m'ndime ya matimu 16, ndipo mu 2024 adasesa zotsala zonse za mpikisano waukulu. Funso lathu nali: m'ndime yoyamba ndi yachiwiri mulibe timu ndi imodzi yomwe ya mu Premier League, nanga kumeneko akupumitsa yani? Timu yaikulu imafunika kudutsa ndime 6 zokha kuti itenge chikho, pamene yotsikitsitsa ikadayenera kudutsa 14. Wosenza katundu wopepuka ndiye wadandaula, ndipo wolandidwa kamba ndi wa katundu wolemera.

Akutinso Premier League idalonjeza kuonjezera ndalama zofika mapaundi 33 miliyoni pa chaka zotukulira mpira wa m'munsi. Thandizo ndi labwino, koma chopatsidwa chimasiyana ndi chodzipezera. Wopatsa akhoza kuleka mawa, pamene chimene timu yapeza ndi thukuta lake pabwalo palibe angainyoze nacho. Choipa koposa nchakuti matimu ambiri a m'munsi adadandaula poyera kuti sadafunsidwe maganizo awo. Akuluakulu adati ukakwera pamsana pa njovu usamati pansi palibe mame. Timu iliyonse yotchuka lero idayamba yaing'ono, ndipo ina idzatsikanso.

Chikho cha FA sichidafe. Mu 2013 Wigan Athletic idagonjetsa Manchester City 1-0 ku Wembley m'chaka chomwe idatuluka mu ligi yapamwamba, ndipo mu 2025 Crystal Palace idagonjetsa City yomweyo 1-0 nkutenga chikho chake chachikulu choyamba. Zoterezi zikuchitikabe chifukwa mayere akadalipo. Koma nyumba sigwa tsiku limodzi: chiswe chimadya mzati umodzi umodzi.

Kwathu kuno tidaona zikho za Kamuzu, Chibuku ndi Carlsberg zikubwera ndi kupita, ndipo m'malo mwake mudalowa zina. Tikupempha onse oyendetsa mpira kuti pokonza malamulo a chikho chilichonse, funso loyamba lizikhala lakuti timu ya kumudzi ipindulapo chiyani, ndipo eni akewo azifunsidwa lamulo lisadasinthe. Kwa aphunzitsi ndi oyang'anira masewero m'maboma tikuti m'mera mpoyamba. Pochita mayere a masukulu, sukulu ya kumudzi ilowe m'chipewa chimodzi ndi ya m'tauni, ndipo ikayamba kutuluka, a m'tauniwo apite akasewere kumudziko. Ligi imatiuza timu imene ili ndi mphamvu chaka chonse. Ntchito ya chikho ndiyo kupatsa wamng'ono tsiku lake, ndipo tsiku limenelo asamulande.